Ng'ombe Yomwetulira, Chisoso ndi Nkhope ya Agogo Anu

Tadala, bweretsa kuno pepala lakolo. Ayi, usandiwerengere, maso angawa sanafe, angotopa. Enanu khalani pansi, ndipo iwe Chikondi chotsa timawaya m'makutumo, ukuoneka ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo.

Ndiye akuti ku koleji kwanu ku tauniko akuuzani kuti mulembe za akatswiri ojambula amene anakuwongolani dzanja. Chabwino. Ndawerenga mayina asanu ndi limodzi apa. Onse azungu, onse anamwalira kalekale, ndipo mayina awo akumveka ngati mankhwala a chifuwa. Sindikuwanyoza, mwina ankatha ndithu. Koma ndikufunse, mwana wa mwana wanga: mwa anthu amenewa alipo anakukalipirapo? Alipo anakulanda pepala n'kuling'amba iwe ukuona? Ngati palibe, amenewo si aphunzitsi ako, ndi anthu ongowasirira pa foni.

Dzina langa mulibemo, ndaona. Sindikudandaula ayi. Ndangoona.

Tamverani za aphunzitsi anga ine, mwina mungadziwe kumene dzanja la m'nyumba muno linachokera.

Ine ndinabadwira pa komponi ya mgodi ku Zimbabwe. Bambo anga anachoka ku Ntcheu wapansi ali mnyamata, ndipo Ntcheuyo ine ndinkangoimva pakamwa pawo akakhuta mowa. Eni dziko ankatitcha Mabulandaya, chonsecho m'nyumba mwathu munalibe ndi mmodzi yemwe amene anapondako ku Blantyre. Sukulu nditaisiya, kapena ndinene kuti itandisiya, ndinapita ku Harare kwa amalume, ndipo kumeneko ndi kumene ndinagwa m'manja mwa a Mbewe.

A Mbewe anali olemba zikwangwani, kwawo ku Dedza. Aafupi, amutu waukulu, ovala ovolosi imene inamwa penti wambiri moti akaivula inkaima yokha pakona ngati ikudikira basi. Ankayenda pa njinga yolendewera zitini mbali zonse, ukawamva akubwera unkayesa ogula mabotolo. Mabutchala, malo ometera, mabala, mayina a pa mabasi, ku Mbare konse, mu Harare momwemo, kunali kwawo.

Inu lero muli ndi kagalasi kaja mumalembapo ndi kamtengo kosatha, mukalakwitsa mumangogogoda ndi chala, cholakwacho n'kuzimiririka. Mukanabadwa kale mukanalira. A Mbewe bulashi ankapanga okha. Yaikulu ankameta mchira wa mbuzi n'kumanga ubweyawo pa kamtengo ndi waya. Yaing'ono, yolembera timizere, ankadula ubweya wa mphaka wa aneba. Mphaka ameneyo anafika poidziwa njinga yawo, akangomva zitini ankakwera padenga osatsika mpaka dzuwa litapendeka. Mzere wowongoka tinkaupeza ndi chingwe chopaka choko: wina agwire uku, wina uko, kukoka pakati n'kusiya, thwa! Ukalakwitsa chilembo panalibe pogogoda. Wogogodedwa unali iweyo, pamutu.

Ananditenga chifukwa ndinkadziwa kulemba Chizungu molondola. Iwo zilembo ankazijambula ngati maluwa, zokongola zedi, koma zimene zikunena sizinkawakhudza. Ndisanabwere ine anali atalemba pa butchala ina kuti FLESH MEAT m'malo mwa FRESH MEAT. Mwini butchala atadandaula, iwo anamufunsa, "Nanga mumagulitsa mafupa okhaokha?" Chikwangwanicho chinakhala pomwepo mpaka chinachita dzimbiri.

Lamulo lawo lalikulu linali lakuti ng'ombe ya pa butchala izimwetulira. Nkhuku imwetulire, nsomba imwetulire, ngakhale soseji. Tsiku lina ndinafunsa, "Abambo, ng'ombeyi ikusekerera chiyani pamene ikupita kokaphedwa?"

Anandiyang'ana ali pamwamba pa makwerero. "Iwe bambo ako akamalowa mumgodi, kapitawo n'kuwapatsa moni, samwetulira?"

Sindinafunsenso.

Ndikajambula kanthu ankandithamangitsira tsidya la msewu kuti ndikakaonere komweko.

"Ukuona chiyani?"

"Tambala."

"Bodza! Ukudziwa kuti ndi tambala chifukwa wajambula ndiwe. Funsa mayi akudutsawo."

Mayi aja n'kuima, n'kuyang'anitsitsa, n'kunena kuti ndi ketulo. A Mbewe ankati chithunzi chimene munthu wa m'basi sangachizindikire basiyo ikuthamanga si chithunzi, ndi chinsinsi. Mzere ukhale wonenepa, wosachita manyazi. Ndiye Tadala, mizere yako yakuda bii imene aphunzitsi ako amaiyamikira ija ukuganiza inagwa kumwamba? Ndinakupatsa ndine, ndi khala, pa khoma la chimbudzi kuseri uku uli ndi zaka zinayi, amayi ako n'kutikalipira tonse awiri. Ndipo ine ndinaitenga kwa chidakwa cha ku Dedza chometa amphaka.

A Mbewe anamwalira nthawi yabwino, asanaone zikwangwani za pa kompyuta zimene ng'ombe zake zimangoima ngati zili pamaliro. Pa maliro awo panabwera eni mabutchala onse. Mwini mphaka nayenso anabwera, ena amati kudzalira, ena amati kudzatsimikiza.

Zinthu zitathina ku Zimbabwe ndinanyamuka kubwera ku Joni kuno. Agogo anu aakazi, a Nachisale, anadzanditsatira pambuyo ndi amayi anu Esinati akadali mtsikana wa sukulu. Ulendo wangawo unali wa masiku awiri pa basi, kamba wanga maputi ndi mazira owiritsa amene anayamba kudziulula tisanafike pa malire a Beitbridge. Mabulashi a a Mbewe ndinawabisa mu sokosi. Wofufuza katundu atawapeza anandiyang'ana ngati wagwira sing'anga ndi zithumwa zake. Ndinati ndi zopakira sopo pometa ndevu. Anayang'ana chibwano changa chosalala ngati dzira, n'kundiponyera sokosiyo.

Ntchito yoyamba inali ya ulonda pa mafulati ena ku Arcadia. Anandipatsa buku lolembamo alendo ndi cholembera, ndiye mukuganiza kuti chinachitika n'chiyani? Mwezi usanathe m'bukumo munali nkhope za anthu onse a m'nyumbamo. Mkulu wa alonda ankatsegula masamba akuseka mpaka misozi, kufikira atafika pa tsamba lake. Ndinali nditamujambula ali mtulo pampando, mimba ikusuzumira pakati pa mabatani. Mawa lake yunifolomu ndinabweza.

Umo ndi mmene ndinakapezekera m'gadeni ku Garsfontein, kwa gogo wina wachibunu amene tonse tinkangowatchula kuti Ouma. Aatali ngati mlongoti, owonda, osuta fodya ngati uvuni wa njerwa. Ntchito yawo inali yojambula zomera za m'mabuku a anthu ophunzira, koma ine sindinkadziwa. Sabata yoyamba ndikuzula chisoso kuseri kwa garaja, ndinangomva kukuwa, "Los! Los!" kutanthauza kuti siya. Ndinadumpha poyesa njoka. Ayi ndithu, ankalirira chisosocho. Anatenga mpando n'kukhala pamaso pa chisoso masiku atatu, akuchijambula ngati mfumukazi.

Ndinalephera kupirira. "Ouma, kwathu ichi ndi ndiwo."

"Mumadya?"

"Ndi nsinjiro."

Anati akufuna alawe. Agogo anu anaphika, ine n'kunyamula m'kabakuli. Ouma anatafuna, nkhope n'kukwinyika, n'kunena kuti chikumveka ngati mankhwala a malungo. Kenaka anapempha china.

Tsoka linandipeza pa thumba la simenti. M'kashedi kosungira zipangizo ndinali nditawajambula Ouma ndi khala pa pepala la thumbalo: atagwada pamaso pa chisoso ngati akupemphera, ndudu pakamwa, mphuno ngati khasu. Tsiku lina analowamo kukafuna sizasi yodulira maluwa. Nditawaona akutuluka ndi pepala lija m'manja, ndinadziwa kuti zanga zada. Ntchito yachiwiri, mlandu womwewo! Ndikawauza chiyani a Nachisale? Tinali titangopeza kumene malo ano ku Hammanskraal, nyumba ino denga lili theka.

Ouma anavala magalasi. Anayang'ana nthawi yaitali, phulusa la ndudu likugwera papepalapo.

"Mphuno ndi yanga, sindikana," anatero. "Koma khutu ili waliika kuti? Bwera kuno. Gwira khutu lako. Layang'anizana ndi chiyani? Ndi diso. Iwe waliika pakhosi. Ine ndine nsomba?"

"Pepani, Ouma."

"Usapepese mphuno, pepesa khutu. Vuto lako sumayang'ana. Umajambula zimene ukukumbukira."

Kuyambira tsiku limenelo nthawi yanga ya nkhomaliro inatha. Ndikangomeza buledi, ankandikhazika pa sitepe ndi pensulo ndi tsamba limodzi la chisoso. Limodzi! Werenga mano a m'mbali mwake. Pamene mbozi inadya usapabise. Ona kuti mbali iyi siyofanana ndi iyo. Ndikapereka pepala ankaliyang'ana n'kuling'amba pakati mosakwiya n'komwe, ngati akugawa chigumu. Tsiku lina anagwira mutu n'kudandaula m'Chibunu chawo. "Ag nee, man! Chilichonse chimene umajambula chimaseka. Ngakhale tsamba ili likuseka! Anakuphunzitsa ndani?" Ndinawauza za a Mbewe, za ng'ombe zawo ndi za mphaka wa aneba. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti munthu ameneyo akanakonda kumwa naye mowa, koma mphaka wawo akanamutsekera kuchipinda.

Ndamva kuti inu ku kolejiko amakubweretserani munthu wamkulu ndithu, kuvula zonse n'kukhala patebulo kuti muzimujambula. Usaseke Chikondi, wandiuza ndi mkulu wako yemweyu. Eish. Ine chamaliseche chimene ndinajambula chaka chonse chinali chisoso, ndipo sindinafunike kukaulula kwa abusa.

Loweruka lina Ouma ananditengera ku tauni, ku nyumba ina yaikulu yoonetseramo zithunzi. Pakhoma lina panali chinsalu chachikulu ngati chitseko cha garaja, chofiira chonse, pakati kamzere kamodzi. Ndinabwerera m'mbuyo mpaka kukhoma lina, monga ankandiphunzitsira a Mbewe. Chinali chofiirabe. Mlonda wa pamenepo ndinamumva kuti ndi wakwathu, wa ku Zomba, ndiye ndinamunong'oneza, "Achimwene, ichi n'chiyani?"

"Achimwene, ine anangondiuza kuti ndizilondera chisabedwe. Koma amene angabe sindikumudziwa."

Koma m'kachipinda kena munali kachithunzi kakang'ono ka makala, kojambulidwa ndi munthu wakuda wa konkuno. Dzina ndinaliiwala, Mulungu andikhululukire. Amuna atatu akutuluka mumgodi, zipewa zili m'manja. Palibe amene ankamwetulira. Wapakatiyo mapewa ake anali a bambo anga enieni, mmene ankagwera akaganiza kuti palibe akuwaona. Ndinaima pamenepo mpaka Ouma anapita kukasuta kawiri n'kubwerako. Tsiku limenelo ndi limene ndinadziwa kuti khala lomwe lija la pa mbaula likhoza kumugwira munthu mtima.

Kuyamikira Ouma sankadziwa. Patapita miyezi yambiri, tsamba lina analiyang'ana n'kungoti, "Hm." Sanaling'ambe. Mawa lake ndinalipeza pa chitseko cha filiji, pakati pa zithunzi za adzukulu awo. Satifiketi yanga ndi imeneyo, Tadala. Yako idzakhala ndi chidindo, yanga inagwiridwa ndi maginito ooneka ngati nanazi.

Atakalamba zedi ana awo anadzawatenga kupita nawo ku Cape, ine n'kundisiyira chitini cha mapensulo. Ndinabwerera ku makoma: masaluni, timagolosale timene kuno amati masipaza, malo otsukira magalimoto konkuno. Mitu yonse ya pa saluni ya pa renki ya matekisi ija ndi yanga, ndipo mukaone, makutu ali pamalo pake. Zaka zina madzi a pampopi kuno ankatuluka ofiirira moti ndinkauza anthu kuti penti wa bulauni ndinasiya kugula. Inu mumadandaula kunyamula zigubu ku galimoto ya madzi. Ine ndinkatsuka bulashi m'madzi amene ankaisiya yakuda kuposa mmene inalowera.

Koma mphunzitsi woopsa kuposa onsewa ndinkakhala naye nyumba imodzi.

Agogo anu a Nachisale pensulo sanaigwirepo, kupatula pokanda m'mutu kunsi kwa duku. Koma maso! Ndikamajambula pakhonde ankadutsa kumbuyo kwanga ndi beseni la zochapa, osaima n'komwe.

"Ameneyu ndani?"

"Abusa athu."

"Abusa akudwala dzino?"

Ndikayang'ananso, zoonadi, tsaya limodzi latupa. Funso limenelo, ameneyu ndani, linandiphera zithunzi zambiri kuposa mvula.

Iwo kuwajambula ankakana. "Nkhope yanga si khoma la butchala." Kamera nayo ankaithawa. Inu nomwe mukudziwa, mukawaloza ndi foni ankadziphimba ndi chivundikiro cha poto. Chithunzi chawo chinalipo chimodzi chokha, cha pa pasipoti, ndipo pamenepo anatong'ola maso ngati awagwira ndi nkhuku ya eni kunsi kwa chitenje.

Chaka chimene anadwala chija inu munkakhala ku sukulu tsiku lonse, zambiri simunazione. Thupi linatha pang'onopang'ono. Madokotala anayesetsa, kenaka anatiuza kuti tibwerere nawo kunyumba. M'mawa uliwonse ndinkawatulutsa pakhonde kuti aothe dzuwa. Tsiku lina anati, "Bambo a Esinati, katengeni mapensulo a mzungu wanu aja."

"A chiyani?"

"Mundijambule. Esinati ndikumudziwa, adzatenga cha pa pasipoti chija n'kuika pa pepala la mwambo wa maliro. Anthu adzati munakwatira mbava."

"Maliro a ndani? Musamayankhule choncho."

"Mwini maliro akudziwa. Katengeni."

Ndinajambula m'mawa wonse. Ndinajambula mtsikana amene ndinamuona koyamba m'kwaya ya pa komponi, wa masaya odzaza, wa khosi la mizere, akumwetulira. Ndinawapatsa ndikudzimva.

"Ameneyu ndani?"

"Ndinu."

"Chibwenzi chanu cha ku Arcadia?"

"Ndinu, mayi a Esinati, mmene munalili."

"Mmene ndinalili ndikudziwa, ndinalipo. Ndati mujambule ine. Ndipo akuseka chiyani ameneyu? Mwandisandutsa ng'ombe ya pa butchala?"

Mphamvu zong'ambira analibe, anangolisiya pepalalo ligwe pansi. Ine ndinapita kuseri kwa nyumba kukaona ngati nkhuku zili ndi madzi. Chaka chimenecho tinalibe nkhuku.

Ndikuuzeni zoona ana inu, popeza ndakalamba ndipo manyazi anatha. Chiyambire kudwala kwawo ndinali ndisanawayang'ane. Ndinkawasambitsa, ndinkawamwetsa phala, koma maso anga ankakhala pa supuni, pa bulangete, pa khoma. Ndinkaopa. Iwo anadziwa. Mayi amene amaona dzino la abusa akudutsa ndi beseni sangalephere kuona mwamuna wake akumuzemba.

M'mawa wotsatira ndinanola pensulo, ndinakhala pansi pamaso pawo, n'kuyamba mmene ndinkayambira tsamba. Ndinawerenga makwinya a pamphumi. Pamene masaya analowa sindinabisepo. Chipsera cha pamwamba pa diso, chimene anapsa ndi pulayimasi ku Mbare. Diso lakumanzere locheperapo. Ndi mlomo uja umene unkakokera mbali imodzi akatsala pang'ono kukukalipira. Nonse mukuudziwa.

Kukhala chete sankatha. Ine ndikujambula, iwo akupereka malamulo. Makina osokera apite kwa Esinati, koma asamabwereketse. Malaya oyera musamachapire pamodzi ndi ovolosi. "Ndipo mukadzafuna kukwatira, kwatirani, sindidzakuzukirani. Koma osati Mayi Phiri a kwaya. Amapsereza nyemba, ndipo nyimbo amaiyambira padenga."

Mayi Phiri amenewa ndi agogo anu anakangana zaka makumi awiri pa nkhani imodzi yokha, ya kayambidwe ka nyimbo m'tchalitchi. Mayi Phiri akaiyamba pamwamba, agogo anu ankatsokomola kumbuyo kwawo, kamodzi kokha, kho, mpingo wonse n'kudziwa kuti titsike. Lamulungu ankatuluka osayankhulana, Lolemba n'kupezeka akugawana tomato.

Chithunzicho chinanditengera masiku anayi, chifukwa iwo ankatopa msanga. Tsiku lachinayi ndinawapatsa. Anachigwira nthawi yaitali. Ndinkadikira funso lija, koma silinabwere.

"Mwandikalambitsa."

"Ndikonze?"

"Mukakhudzapo ndikuthyolani chala." Anapuma pang'ono. "Zaka zonsezi kujambula abusa, ometa ndi masoseji. Mwachedwa kundiona, bambo a Esinati. Koma mwafika."

Anatisiya majakaranda atayamba kuthothoka maluwa m'tauni.

Tsiku la maliro inu munali mbali ina ndi amayi anu, nkhope zili m'manja, simunaone zimene ndinaona ine. Anandikhazika pafupi ndi benchi ya kwaya. Mapepala a mwambo anagawidwa, nkhope ya agogo anu imene ndinajambula ija ili pamwamba. Mayi Phiri analandira lawo, analiyang'ana kamodzi, n'kulitembenuza nkhope pansi pa benchipo. Ndinawamva akunong'oneza mnzawo, "Asandiyang'ane choncho. Ndiyamba bwino."

Abusa atagwedeza mutu, Mayi Phiri anaimirira, anakoka mpweya, n'kuyamba nyimbo. Padenga, monga mwa nthawi zonse. Amayi ena anayesa kukwera nawo, mawu n'kumathyoka. Pa mzere wachiwiri Mayi Phiri anaima. Anapendeketsa mutu pang'ono, khutu cha kumbuyo, akudikira. Palibe anatsokomola.

Anawerama, anatola pepala lija n'kulitembenuza. Anayang'anizana ndi agogo anu kanthawi, misozi ikugwera pa bulauzi yoyera. Kenaka anapukuta mphuno, n'kuiyambanso nyimboyo pansi, pamene inkayenera kuyambira zaka makumi awiri zonsezo.